Botolo Lochokera kwa Apongozi

1. Katundu wa Loweruka

Loweruka lililonse m'mawa, Dyness Hara ankasenza ufa, nyemba ndi kamtolo ka nkhuni kupita nazo ku Mzimba boma, kumene mlamu wake Felesta ankadikira tsiku lake lochira. Dyness anali mtsikana wa Fomu 3, wamtali ngati bambo ake, ndiponso womvera mochititsa kaduka amayi a anzake. M'mudzi mwawo mwa Yotamu Hara, mayi akafuna kukalipira mwana wamwano ankangoti aonere Dyness. Mbiri yotere imakoma kuimva, koma kuisenza ndi ntchito.

Felesta anali mkazi wa Zondwayo, mchimwene wake wa Dyness, amene anali ku Joni monga anyamata ambiri a ku Mzimba. Kwawo kwa Felesta kunali ku Dedza. Anakulira ku Chikangawa kumene bambo ake ankacheka matabwa, ndipo bambowo atapuma ntchito n'kubwerera kwawo, iye anatsala kumpoto m'manja mwa apongozi. Chitumbuka ankachimva ndithu, koma akati achilankhule ana a pakhomo ankafa nacho chiseko.

Mwana wake woyamba, Tumbikani, anabadwa pa opaleshoni. N'chifukwa chake ulendo uno a kusikelo anamuuza kuti apite msanga kuchidikiro, nyumba imene amayi oyembekezera amakhala pafupi ndi chipatala, ndipo matenda akangoyamba akadzionetse osazengereza. Pamimba pake panali chipsera, ndipo chipsera chimenechi n'chimene chinkawasowetsa tulo a NyaMoyo, mayi ake a Dyness.

Loweruka limeneli kunacha ndi chisanu cha Juni, chija chimalowa mpaka m'mafupa. Dyness atamanga katundu, a NyaMoyo anamukodola kuti awatsatire kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko anatulutsa m'chitenje botolo lodzaza chindongwa, thobwa lija la mawere limene Felesta ankalikonda. Koma chindongwa chimenechi chinali choderako, ndipo pansi pake panadikha nsenga zobiriwira.

"Mwana wane, unditchere khutu," anatero a NyaMoyo motsitsa mawu. "Ine ndinabereka nonsenu mpeni osandikhudza. Amayi anga chimodzimodzi. Lero mkamwana wanga akufuna kumung'ambanso ngati thumba la fetereza. Kuchigayo sindikupitako mwamtendere, anzanga akundifunsa ngati a Hara anatulutsa ng'ombe m'khola kuti akatenge mkazi wobereka ndi mpeni. Zimenezo ndi manyazi chabe, ndikhoza kupirira. Chikundidya n'chakuti munthu akang'ambidwa mobwerezabwereza amamutseka, mbwenu kubereka kwathera pomwepo. Zondwayo adzabwera ku Joni n'kundifunsa kuti, amama, munali kuti? Muno ndathiramo mwanamphepo. Akamwa, matenda abwera ndi mphamvu, mwana atuluka madokotala asanatenge n'komwe mipeni yawo. Iwe wemwe unabadwa ndi mankhwala omwewa. A NyaShaba, mzamba uja, anandimwetsa ndi dzanja lawo, ndipo sindinachedwe. Ukam'patse m'manja, amwe lonse. Usaonetse namwino, usaonetse mlonda, usauze munthu m'njira. Mwana wotaya mawu a mayi ake sapita patali."

Dzina la mwanamphepo Dyness analimvapo. Mlangizi wa zaumoyo analitchula tsiku lina ku tchalitchi, amayi onse n'kuwerama ngati akufuna singano pansi. Anatsegula pakamwa kuti afunse, koma anaona maso a mayi ake ali psuu chifukwa chosagona, ndi manja awo atakalikakalika ndi minga ya kutchire kumene anakakumba mizuyo. Anawamvera chisoni. Anangoti yewo amama, n'kulowetsa botolo lija pansi pa nyemba.

2. Bwinja la mzamba

Njira yopita kumsewu inkadutsa pabwinja la a NyaShaba, mzamba wakale wa dera lonselo. Nyumba yawo yaikulu inagwa kalekale, koma kanyumba kochiritsira amayi kanali chiimire patsinde pa msuku, denga litaloweka mkati, mbuzi zikubisalamo mphepo.

Dyness sankadutsapo osacheuka. Theka la anthu a m'midzi imeneyo analirira koyamba m'kanyumba kameneka: aphunzitsi, madikoni, mbava za nkhuku, ngakhale kondakitala wamwano wa minibasi imene ankapita kukakwera. Amayi akuluakulu akakhala pamodzi kusenda nyemba ankakumbutsana za masiku amenewo mosatopa. Ankanena za zitenje zimene zinkayanikidwa kuyambira pamsuku mpaka pankhokwe, za fungo la sopo ndi utsi, za nthungululu imene ikaphulika mudzi wonse unkasiya makasu. Ankasekanso amuna awo, amene ankakhala patali n'kumasema mipini ngati alibe nazo kanthu, koma mpini umodzi n'kuusema mpaka kusanduka mthiko.

Dyness ndiye anali mwana womaliza kubadwira m'menemo. Iye ali wakhanda, boma linalamula kuti azamba asiye kuchiritsa amayi kumidzi, azingowaperekeza kuchipatala. A NyaShaba anatseka chitseko, ndipo patapita zaka mwana wawo wamwamuna anadzawatenga kukakhala nawo pa boma. Kuyambira pamenepo pamsuku paja panangoti zii, ndipo amayi ambiri mpaka lero amadandaula kuti mudzi unazizira.

Tsiku limeneli Dyness anaimapo pang'ono. Anadzilimbitsa mtima kuti ngati mankhwalawo anachokera m'manja mwa a NyaShaba, ndiye kuti sangakhale oipa. Anakonza nkhata, n'kupitirira kukadikira minibasi.

3. Kunja kwa geti

A NyaShaba tsopano ankagulitsa malonda kunja kwa geti la chipatala. Pamphasa pawo pankakhala mabeseni, malezala, ulusi, zitenje ndi mapepala akuda apulasitiki, zinthu zimene mayi woyembekezera amauzidwa kuti abwere nazo. Manja amene kale ankalandira ana tsopano ankapinda mapulasitiki. Anali mayi wochepa thupi, wa magalasi omangirira ndi chingwe, koma mawu awo ankamveka mpaka kumene amaima a kabaza.

Kwawoko mwana saiwala amene anamudula mchombo. Choncho Dyness sankalowa pageti osayamba wagwada pamphasapo n'kusiyapo kanthu ka kumudzi, kaya ndi mtedza wodzaza manja, kaya ndi mbatata.

"Monire, agogo."

"Yewo, mzime wane! Muli uli kukaya?"

Ankamutcha mzime chifukwa anali womaliza wa manja awo. Anamufunsa za mayi ake, za Tumbikani, za sukulu, ndipo monga mwa masiku onse anauza mayi wogulitsa nthochi pambali pawo kuti mtsikana wofatsayu anabadwa akukalipa ngati wapolisi wapamsewu. Akulankhula choncho dzanja lawo linali kale m'chikwama cha Dyness, pakuti mzamba sapempha chilolezo m'katundu wa mwana wake. Anatulutsa mtedza wawo, kenako zala zawo zinagunda botolo.

Nkhope yawo inawala. Anati chindongwa cha pa boma n'chamadzimadzi ngati chotsukira mbale, ndipo cha a NyaMoyo anachisowa kwa nthawi yaitali. Anapempha kuti angolawako pakamwa kamodzi, Felesta sangadandaule.

Dyness analanda botolo lija ndi manja awiri.

Mwana woleredwa bwino salanda chinthu m'manja mwa munthu wamkulu, ndipo Dyness anali asanachitepo zotere chibadwire. Mayi wa nthochi uja anayang'ana kumbali mwamanyazi. A NyaShaba sanakwiye. Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kutambasula dzanja mwakachetechete mpaka mtsikanayo anawabwezera. Anatsegula, ananunkhiza, anaviika chala n'kuchikhudzitsa palilime, kenako analavulira kumbali.

Anamuuza kuti asendere pafupi, akhale kuseri kwa mabeseni. Sanafunse kuti wamutuma ndani. Dyness ananena yekha, misozi ili m'maso, kuti amayi ake ati iye yemwe anabadwa ndi mankhwala omwewo, ndipo anawamwetsa ndi a NyaShaba.

4. Zimene zinali m'chikho

A NyaShaba anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe.

"Amayi ako akukumbukira chikho," anatero, "koma zimene zinali m'chikhomo sanandifunse. Safunsa anadya phula, mwana wane. Tsiku limene unabadwa, a NyaMoyo anabwera atatopa, asanadye kanthu chiyambire dzulo lake. Ndinawaphikira phala la mawere lamadzimadzi kuti apeze mphamvu. Phala basi. Koma anthu akaona mzamba wanyamula chikho amadzipangira okha nkhani, poti safuna kukhulupirira kuti mayi wabereka ndi mphamvu zake.

"Ntchito imeneyi ndinaiphunzira kwa ankhazi anga, alongo a bambo anga, ndili mtsikana wongotha msinkhu. Anandionetsa mitengo yambiri, ndipo ina mpaka lero ndimaithokoza. Tinalibe minibasi, tinalibe foni, mvula ikagwa mitsinje inkatitsekera m'mudzi. Mitengo ndiyo inali abale athu. Tinali ndi masamba ofukiza munthu wa chimfine, tinali ndi zakudya zobweretsa mkaka m'mawere. Masiku amenewo ndimawasowa, sindikubisira. Ndimasowa kumva mwana akulira m'manja mwanga, ndimasowa nthungululu ija. Pano ndimangoona mabeseni anga akulowa pageti, ana akutuluka osandidziwa.

"Koma uyu ali m'botoloyu, ankhazi anga omwewo ankamuopa. Mwanamphepo alibe muyeso. Muzu wa pachulu ndi wa kudambo mphamvu zake n'zosiyana, wa chilimwe ndi wa dzinja n'zosiyananso, ndipo akalowa m'mimba palibe amene angamuuze kuti basi, lekera pomwepo. Amafinya chiberekero osapumira. Njira isanatseguke, iye akukankha. Mwana amasowa mpweya, mayi amang'ambikira mkati mmene diso silingaone.

"Chaka china anandibweretsera mtsikana wa kutsidya, apongozi ake atamumwetsa kale kunyumba. Nditangoika dzanja pamimba pake ndinadziwa kuti manja anga achepa. Tinamanga ng'ombe pangolo kulowera kuchipatala cha mishoni ku Embangweni, dzuwa lili pamutu, ine nditamugoneka pamiyendo panga. Ankandifunsa kuti, amama, tafika? Ine ndinkati tatsala pang'ono. Denga la tchalitchi cha mishoni tinaliona, koma iye sanalione. Apongozi ake sanali mfiti, ayi. Anali mayi wachikondi ngati amayi akowa, ndipo analira kuposa tonse.

"Mtsikana ameneyo analibe chipsera. Nanga mlamu wako? Mphika umene unang'alukapo n'kumatidwa suikidwa pamoto waukali. Anamwino a ku mishoni atatiitana kukaphunzira, anatipatsa kabokosi ka sopo, ulusi ndi malezala, n'kutiuza kuti mayi wa chipsera tisamugoneke n'komwe pamphasa pathu. Ine ndinali ndikudziwa kale. Uzamba si kudziwa mizu yokha, yayi. Ndi kudziwa nthawi yoti uitane ngolo. Opaleshoni si manyazi, mzime wane. Manyazi ndi kubwerera kumudzi ndi zitenje zatsopano, wozifunda palibe."

Atatero anatseka botolo lija bwinobwino, n'kuliika m'manja mwa Dyness.

Mtsikanayo anachonderera. "Ndapota, agogo, litsale kuno."

A NyaShaba anakana. Anati likatsala pamphasa pawo, Dyness akanama kawiri: kwa mlamu wake kuti waliiwala m'minibasi, ndi kwa mayi ake kuti lamwedwa. Ndipo Loweruka linalo lidzabwera botolo lina, mwina m'manja mwa munthu amene sadzadutsa pamphasa pawo. Anamukumbutsa kuti amene watumidwa ndi iyeyo, osati nkhalamba yogulitsa mabeseni. Kenako anatembenukira kwa mayi wina amene ankafunsa za ulusi, ngati kuti nkhani yatha.

5. Kuchidikiro

Kuchidikiro kunali piringupiringu monga mwa masiku onse. Amayi ena ankaphika pamafuwa, ena ankachapa, ena ankangoyendayenda manja ali m'chiuno, akunyozana mwachibwana kuti wina wameza dzungu lonse. Felesta yekha anali atakhala pakona ya khonde, atatsamira chipupa. Kunja kunkazizira, koma pamphumi pake panali thukuta.

Ataona Dyness sanafunse za ufa kapena za Tumbikani. Anamukokera pafupi n'kumunong'oneza kuti apongozi anamuimbira foni dzulo madzulo ndipo zonse akuzidziwa. Anaululanso kuti matenda anamuyamba m'mamawa, koma sanauze aliyense. Ankadikira botolo, kuti akamwa apirire pomwepo mpaka mwana atayandikira, ndiyeno akalowe m'chipatala nthawi ya opaleshoni itadutsa.

Dyness anamufotokozera zimene a NyaShaba ananena, za phala lija ndi za ngolo ija. Felesta anamvetsera atatseka maso, dzanja lili m'munsi mwa mimba, pomwe panali chipsera.

"Mlamu, iwe ndiwe mwana wa pakhomo paja," anatero pomaliza. "Ukalakwa akukalipira lero, mawa aiwala. Ine ndine wobwera. Mayi anga ali kutali, mwamuna wanga ali ku Joni. Amene amandifunditsa ndikadwala ndi amayi akowa. Anandilandira ngati mwana wawo, sanandipemphepo kanthu, lero andipempha chinthu chimodzi chokha. Ndikabwerera ndi chipsera chachiwiri ndikawayang'ana bwanji? Ndipatse, chonde. Chikachitika chilichonse sindidzakutchula."

Anatambasula dzanja. Dyness anatulutsa botolo lija m'chikwama, ndipo kwa kanthawi aliyense woona akanati akum'patsa. Mlamu wakeyu ankamukonda kwambiri. Ndi amene ankamuluka tsitsi Loweruka madzulo, ndi amene anamuphunzitsa Chichewa cha mayeso mpaka aphunzitsi anadabwa. Kumukaniza chinthu kunamuwawa ngati kukaniza mayi ake omwe.

Anaimirira, anapita pangalande imene amayi amatayirapo madzi otsukira mbale, anatsegula botolo n'kulizondotsa. Chindongwa chinatsika pang'onopang'ono, nsenga zobiriwira zija n'kubwera pomalizira. Anagwedeza botololo mpaka dontho lomaliza.

Felesta anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuyamba kulira mopanda mawu. Dyness atabwerera, kupweteka kwina kunamugwira mlamuyo, ndipo anapindika mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda maondo. Kutadutsa, anagwira mkono wa Dyness mwamphamvu n'kumuchonderera kuti, poti mankhwala wataya, asakanenenso kwa anamwino. Amulole ayese yekha mpaka madzulo.

Apa m'pamene panali povuta kwenikweni. Kutaya botolo kunali kusamvera mayi amene anali kutali. Uku kunali kusamvera munthu amene ankamuyang'ana m'maso. Dyness anamasula zala za mlamu wake chimodzichimodzi, anamupepesa, n'kuthamangira kuchipinda cha amayi ochira.

Namwino amene anabwera naye anali mayi wojintcha, wosakonda mawu ambiri. Anagwira mimba ya Felesta, anamufunsa pamene pakupweteka, ndipo Felesta ataloza pachipsera nkhope ya namwinoyo inasintha. Anaona botolo m'manja mwa Dyness n'kufunsa ngati wodwalayo wamwa chilichonse. Dyness anayankha kuti ayi, sanamwe ngakhale dontho, ndipo anamulozera pangalande paja. Namwinoyo anayang'ana nsenga zija, anayang'ana mtsikanayo, n'kungogwedeza mutu. Anaitanitsa mpando wa matayala.

Sipanapite nthawi yaitali, adokotala anati sadikiranso. Felesta anatuluka m'chipinda chopimira atagona pabedi loyenda, atavala chovala chobiriwira, akupita ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni. Podutsa pamene Dyness anaima, anatembenuza mutu.

"Amayi ukawauza chiyani?" anafunsa.

Zitseko zinatsekeka.

6. Botolo lopanda kanthu

Namwino uja anamutuma kuti akatenge beseni ndi zitenje za mwana kuchidikiro. Dyness anazisonkhanitsa, ndipo posadziwa kotaya botolo lija analiponya m'beseni momwemo. Dzuwa linali litapendeka. Pobwerera anadutsa chapafupi ndi geti.

Pa kabaza pankatsika a NyaMoyo. Anali atavala duku lawo la ku tchalitchi, Tumbikani ali kumbuyo, kukhwapa kuli nkhuku yomanga miyendo, kudzanja kuli chitenje chatsopano chimene anachisunga m'sutikesi chiyambire Zondwayo atachitumiza. Mtima sunawalole kukhala kumudzi. Anawerengera okha kuti pofika nthawi imeneyo mankhwala agwira ntchito, ndipo anabwera kudzaimba nthungululu.

Anamuona Dyness, anaona beseni, anaona botolo lili mbee mkati mwake. Nkhope yawo yonse inamasuka, ndipo Dyness anali asanawaone akumwetulira choncho chimwalirire bambo ake.

"Wamwa lonse," anatero mwachimwemwe. "Ndinadziwa ine. Mwana wane sataya mawu anga. Yewo chomene, mama."

Botolo linali litamunamira kale. Chimene chinatsala chinali kungokhala chete. Akanatha kudzanena pambuyo pake kuti mankhwala anamwedwa koma madokotala anafulumira, ndipo Felesta sakanamutsutsa. Dzina lake la mwana womvera likanakhala pomwe linali, amayi a m'mudzi akanapitiriza kumulozera ana awo. Koma akanatero, mizu ija ikanakhalabe ndi mbiri yabwino kuseri kwa nkhokwe, kudikira mkamwana wina.

Dyness anatula beseni pansi. Anagwada pafumbi pomwepo, pamaso pa a kabaza ndi ogulitsa malonda, monga mwana amagwadira polankhula ndi mayi ake.

"Amama, sanamwe. Ndataya ine, ndi manja angawa. Ndakauzanso anamwino. Pano mlamu ali ku fiyeta."

Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. A NyaMoyo sanakalipe, ndipo Dyness akanakonda akanakalipa. Anangomuyang'ana ngati mwana wa eni amene akumuona koyamba. Nkhuku inapalapata kukhwapa kwawo, chitenje chatsopano chija chinagwera pafumbi, iwo osachitola. Tumbikani anasuzumira paphewa pa agogo ake n'kufunsa kuti amayi ake ali kuti.

Kuseri kwa geti, a NyaShaba anali ataimirira. Anauza mayi wa nthochi kuti awayang'anire mabeseni, anakonza magalasi awo, n'kuyamba kubwera pang'onopang'ono kwa mayi amene anamumwetsa phala zaka zambiri zapitazo.

Asanafike, chitseko cha kuchipinda cha amayi ochira chinatseguka. Namwino uja anatuluka, chophimba pakamwa chili pakhosi, maso ake akufunafuna pakati pa anthu.

"Abale a Felesta Hara," anaitana. "Abwere mmodzi, wamkulu."

A NyaMoyo anayesa kuponya phazi. Dzanja lawo linafufuza pogwira, ndipo chimene linapeza chinali phewa la mwana yemwe uja amene anataya mawu awo.